Mpunga wa m'Kabati ya Agogo Khalfan

Nizwa, tsiku lachiwiri la Idi

Okondedwa Amayi,

Mtendere wa Mulungu ukhale nanu. Idi yabwino kwa inu ndi onse a pakhomo. Kodi mwadzuka bwanji, nanga bondo lija likukulolani kukwera masitepe? Ine kuno ndili bwino kwambiri, moti ndikulemba kalatayi ndikumwetulira ndekha ngati wamisala.

Ndiyambe ndi nkhani yokoma: kontirakiti yanga ya unamwino aiwonjezera zaka ziwiri. Koma Amayi, inatsala pang'ono kundipulumuka m'manja, ndipo sindinakuuzeni pa foni chifukwa ndimakudziwani, mukanasiya kugona.

Mu wodi yathu munali agogo ena odwala shuga, dzina lawo a Khalfan, mlimi wa zipatso za tende wanthabwala zosatha. Adokotala anawaletsa kusala kudya m'Ramadhani, iwo n'kuvomera mwaulemu wonse, dzanja pachifuwa. Masana alionse mbale yawo inkabwerera yoyera, ine n'kumalemba kuti adya zonse. Osadziwa kuti akuluwo ankakhuthulira mpunga m'kathumba n'kubisa m'kabati ya pambali pa bedi, kudikira kulowa kwa dzuwa.

Tsiku lina ndinawabaya jakisoni wa shuga nthawi ya nkhomaliro. Lamulo limati uone wodwala akuyamba kudya usanachoke, koma odwala anali ambiri, ndinangoika mbale patsogolo pawo n'kuthamangira kwina. Pobwerera cha m'ma thili koloko ndinawapeza thukuta lili kamukamu, manja akunjenjemera, akundiitana dzina la mkazi wawo. Shuga anali atatsikiratu. Ndinaitana adokotala, tinawaika diripi, ndipo posakhalitsa anatsitsimuka. Mawu awo oyamba anali ofunsa ngati diripiyo yawaonongera kusala kwawo. Apo m'pamene ndinatsegula kabati yawo n'kupezamo mpunga wa masanawo. Ndinafuna kulira ndi kuseka nthawi imodzi.

Vuto linali lakuti pachipatala pano chilichonse cholakwika, ngakhale chimene sichinaphe munthu, timayenera kuchilemba pa fomu. Mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, Ikhlas wa ku Sudan, anandiuza kuti ndisapenge. Anati adokotala angolemba kuti shuga anatsika basi, palibe akudziwa kuti ndinachoka msanga, oyendera zipatala akubwera sabata yamawa, ndipo kontirakiti yanga ikutha mwezi womwewo. Ankandifunira zabwino, sindikumunena. Koma ndinaganiza kuti mawa wina adzabaya agogo omwewo, kabati ili yodzaza mpunga. Ndinalemba zonse, ndi zanga zomwe.

Patapita masiku awiri anandiitana a Shamsa, mayi amene ntchito yawo ndi kufufuza ngozi zisanachitike. Ndinalowa nditatsanzika kale mzinda uno wa Nizwa mumtima. Iwo sanandifunse n'komwe kuti ndinaganiza chiyani pochoka. Anafunsa kuti ndinali ndi odwala angati tsikulo, amachotsa mbale ndani, ndiponso ndani amafunsa wodwala ngati akusala. Yankho la funso lomalizali linali lakuti palibe. Kenaka anaimirira n'kunena kuti, “Tiye tikapemphe kuona m'makabati.”

Amayi, mukanaona! Mwa odwala shuga khumi ndi mmodzi, asanu anali ndi nkhokwe. Wina mpunga, wina buledi ndi mazira, mayi wina anachita kukulunga nsomba m'mpango wake watsopano. Onse mbale zoyera, ndipo pa mapepala athu onse anali odya bwino. A Shamsa anagwira pakamwa, kenaka anaseka mpaka misozi.

Kuyambira pamenepo zinthu zasintha. Wodwala aliyense timamufunsa poyera za kusala, mopanda kumukalipira, ndipo amene waumirira adokotala amamusinthira mankhwala ndi nthawi yake. Jakisoni wa nkhomaliro sabayidwa mpaka supuni yoyamba italowa m'kamwa, ndipo nthawi imeneyo anatiwonjezera namwino mmodzi. Anaitananso shehe kudzakumbutsa odwala kuti Mulungu mwini analola wodwala kudya. Oyendera aja atabwera anaiwerenga fomu yanga, anazungulira wodi, ndipo anapempha kuti njirayi aitengere ku zipatala zina. Ine anandichenjeza ndithu za kuchoka msanga kuja, zili m'faelo yanga, sindikubisirani. Koma tsiku lomwelo a Shamsa anasainira kontirakiti, n'kundiika m'kagulu kawo kounika ngozi. Mwana wanu uja munkati sangasunge chinsinsi, lero pakamwa pake pamupatsa mpando.

A Khalfan anatuluka Idi isanafike. Potsanzika anandiloza ndi ndodo n'kunena kuti, “Mwana wanga, wandiyalutsa pamaso pa wodi yonse, koma adzukulu anga adya Idi ndi agogo awo.” Dzulo anatumiza dengu la tende, moti Ikhlas ndi amene akudya kwambiri, manyazi alibe.

Tsopano pempho langa ndi limodzi. Achimwene Hamada anandiuza kuti Ramadhani yonse mwasala, mapiritsi a shuga mukumwa mmene mwafunira, ndipo kawiri konse munachita chizungulire kukhitchini n'kuwalumbiritsa kuti asandiuze. Musawakalipire, ndinachita kuwapanikiza. Ndikudziwanso kuti mukufuna kuwonjezera kusala masiku asanu ndi limodzi a mwezi uno wa Shawwal. Chonde, musanayambe, pitani ndi achimwene kuchipatala kwathuko ku Minya, mukawauze adokotala zoona zokhazokha. Wobisa matenda, maliro amamuulula, ndipo ine sindikufuna kuuzidwa nkhani zanu mwanjira imeneyo. Makabati a makolo a eni ndikutsegula kuno, koma yanu ili kutali, dzanja langa silifika. Itseguleni nokha, Amayi.

Mundiperekere moni kwa achimwene ndi alamu anga, kwa amalume ndi azakhali, ndi kwa ana onse. Mulungu akusungeni kufikira ndidzapsompsone dzanja lanu.

Ndine mwana wanu wolongolola,
Ibtisam