Makiyi anawaika pafupi ndi phazi langa

Aphungu,

Kwathu ndi ku zilumba za Tonga, koma ndimathyola mphesa kuno ku Mildura, m'dziko la Australia. Gulu lathu amalitsogolera ndi a Lisiate, achimwene anga a kwa bambo aakulu, omwe anandipezeranso ntchitoyi. Mwezi watha msana unawavuta, ndipo mwini munda anati ine nditenge udindowo, ndilengeze ndekha pamsonkhano m'Chingerezi kuti naye amve.

Sukulu ndinalekezera Sitandade 4. Ndinaimbira foni mwana wanga Melenaite, ndipo anandiwerengera mawu ambirimbiri: ena otanthauza kulanda, ena kulowa m'malo, ena kungogwirizira mwini wake. Ndinasankha ofatsa kwambiri, n'kuwaloweza masiku atatu m'mizere ya mphesa, chakudya osalowa.

Tsikulo ndinaimirira n'kulankhula osaphonya. A Lisiate anali atakhala pa bokosi patsogolo panga. Anatulutsa makiyi a minibasi ya gulu lathu, n'kuwaika pansi pafupi ndi phazi langa, nati, "Mwalankhula bwino, bwana." Kuyambira pamenepo amakhala mpando wakumbuyo, pemphero la m'mawa anasiya kutsogolera, ndipo anzanga akunditcha kamzungu. Tikakhala pa kava, chakumwa cha mwambo wa kwathu, chikho ndimalandira nkhope ili pansi.

Kodi ndinasankha mawu olakwika? Alipo ena ofewa oti ndikabwereze nawo? Ndikuopa kuti nkhaniyi ifika kwa azakhali kumudzi ndisanaikonze.

S.F., Mildura

Okondedwa S.F.,

Mawu anu analibe vuto, ndipo Melenaite musamuvutitsenso. Masiku atatu munakonzekera makutu a mwini munda, koma achimwene anu simunawapatse ngakhale mphindi imodzi. Nkhani ya udindo wawo anaimvera pagulu, iwo ali pansi, mng'ono wawo ali chilili. Chikuwapweteka kuposa msana n'chimenecho.

Gulani kava, mupite kuchipinda kwawo muli nokha. Mukakhale pansi, mukalankhule chinenero cha kwanu. Musakayambe ndi zoti munachita kutumidwa. Mukayambe ndi kupepesa. Makiyiwo mukaike m'manja mwawo, muwapemphe akubwerekeni mpaka msana utachira. Pemphero ndi mpando wakutsogolo zibwerere kwa iwo. Zanu ndi chiwongolero ndi mabokosi a mphesa. Koma ntchitoyo musaikane, gulu lingagwe m'manja mwa munthu wosakudziwani. Azakhali akamva, amve kuti munapepesa kale.

Chenjezo langa ndi ili: angakukhazikeni nthawi yaitali osayankha. Musathamangire kuwonjezera mawu. Inu munalankhula kale, ulendo uno oyankhula ndi iwo.