Dilesi Lofiira la Losaline

Māngere, Auckland
21 Novembala 2019

Okondedwa achemwali Lesieli,

Ndikhulupirira muli bwino kwathu ku chilumba cha Vava'uko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tilipo, kungoti amayi miyendo ikuwavutabe. Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa m'nyumba muno sungalankhule osamvedwa.

Losaline akubwera kwanuko Lachiwiri. Azakhali a Meleane alamula kuti asiye sukulu, adzakhale ndi inu. Ndati mumve nkhaniyi kwa ine, iye asanakunyengeni ndi misozi.

Kusukulu anatipatsa ntchito ya m'magulu, yotenga kanema wa nyimbo yotchuka n'kumujambulanso tokha. M'gulu lathu munali ine, Losaline ndi Sitani, mnyamata uja ankandiperekeza kukwaya. Nyimboyo ndi yachikondi, mtsikana wovala zofiira akuvina m'manja mwa mwamuna. Ndinaisankha ndine, koma posankha wovina Sitani sanandiyang'ane n'komwe, anangotenga Losaline. "Iwe Kalo uli ndi mutu wabwino," anatero. "Ukhale pa kompyuta, uzidula ndi kulumikiza." Zinandiwawa, achemwali, sindibisa.

Mukudziwa kuti bambo aang'ono, bambo ake a Losaline, tawaika mu Seputembala wapitayu. Tonse tikadali m'zakuda, titamanga mkeka wa maliro m'chiuno monga mwa mwambo wathu, iye tsitsi lodulidwa. Ndinamuchenjeza. "Mng'ono wanga, uvule zakuda manda asanaume?" Iye amvekere, "Aonera aphunzitsi okha. Usauze munthu, Kalo, ndagwira mwendo wako." Mapanga awiri avumbwitsa. Ankafuna kulira maliro ndi kutchuka nthawi imodzi. Komabe ine sindinauze munthu.

Mayi Whitlock, aphunzitsi athu achizungu, atamukonda kanemayo ndinangowauza kuti zingakome kumuonetsa pa tsiku la makolo. Iwo sadziwa kuti kwathu mnyamata saonera zachikondi chipinda chimodzi ndi mlongo wake, nanjinanji wovinayo ali mlongo wakeyo. Si ntchito yanga kuphunzitsa aphunzitsi. Kuitana azakhali ndi alongo ake aamuna awiri a Losaline unali ulemu chabe, ndipo ndinawasungira mipando yakutsogolo.

Kanema atayamba, dilesi lofiira linadzaza khoma lonse, manja a Sitani ali m'chiuno momwe muyenera kukhala mkeka. Alongo akewo anadzuka, mitu ili pansi, n'kutuluka. Azakhali anaonera mpaka kumapeto osaphethira. Azungu akuomba m'manja, iwo anatembenukira kwa Losaline. "Mlongo wanga sanawole," anatero, "iwe wayamba kale kugulitsa miyendo." Losaline anagwada pakati pa anthu kupepesa, koma azakhali anangomulambalala ngati chitsa. Sitani anali atatulukira kale khomo lakumbuyo.

Mayi Whitlock amakonda kunena kuti kanema amakoma ndi zimene wachotsamo, ndipo phunziro limeneli landilowa. Losaline akadzakuuzani kuti inenso ndinavula zakuda n'kuvina kumbuyo kwake, mudzamuuze akuonetseni. Kanemayo alipo mmodzi yekha, ine mulibemo. Munthu wamaliro mutu umasokonekera, tizimumvera chisoni.

Musamulekerere, achemwali. Azidzuka m'mawa kupita kumunda wa vanila, manja akalimba mtima udzakhala pansi. Foni musamupatse, chifukwa azakhali safuna kuti azivutitsa anthu kuno. Mukapeza wobwera, munditumizireko mafuta a kokonati onunkhira aja, anga atsala pang'ono kutha.

Moni kwa alamu ndi ana onse. Losaline akafika mumupatse moni wanga wapadera. Mumuuze kuti gulu lathu lakhoza kuposa magulu onse, ndipo Sitani wayambanso kundiperekeza kukwaya. Dilesi lake asade nalo nkhawa, ndamusungira bwino. Ndinaliyesa dzulo, likundikwana.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Kalolaine