Dagoberto Sali ku Angola

Cárdenas,
22 Ogasiti 1989

Okondedwa Achemwali anga a Hortensia,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu ndi wa alamu anga a Fidencio kumeneko ku Baracoa. Kodi mwendo uja unasiya kutupa? Nanga mvula tinamva pa wailesi ija sinakuonongereni mitengo ya koko? Kuno tilipo. Mlamu wanu Migdalia mutu ukumuvutabe, ndipo mwana wathu Yaíma ali pa tchuthi, akungowerenga mabuku ake a udokotala.

Zotsekemera za kokonati munatumiza zija zinafika bwino. Munati theka ndipereke kwa asilikali opita ku Angola kuti akamupatse Dagoberto. Achemwali, ngati mwaimirira khalani pansi. Kalatayi ndamupatsa Nicanor woyendetsa lole uja kuti akupatsireni m'manja, chifukwa zili m'katimu si zoyenda pa positi.

Mwana wanu sali ku Angola. Sanapiteko n'komwe. Ali m'ndende kunja kwa Matanzas, ndipo watha chaka ndi miyezi inayi ali momwemo. Moni wake yense uja ndinkakupatsirani pa telefoni ndinkamupeka ndine.

Mukudziwa kuti tinkagwira ntchito limodzi pa bwalo la ndege, ine ndi iye, ndi galu wathu Canela. Galu ameneyu akanunkhiza mankhwala ozunguza bongo sankauwa ayi, ankangokhala pansi n'kukuyang'ana. M'mwezi wa Febuluwale chaka chatha kunatera kandege kakang'ono kumbali ya asilikali. Mabokosi ake analembapo kuti makina a kuchipatala. Canela anawazungulira kamodzi, n'kukhala pansi. Dagoberto anakoka chingwe, galu osasuntha.

Pamenepo panali a Meja Quiñones, a nthambi ija yosaka akazitape, amene ntchito yawo inali kutilonda ife tonse kuti tisagulidwe ndi adani. Anaseka, amvekere, Eulogio, galu wakoyu wakalamba, wayamba kukhala paliponse ngati nkhalamba pa mzere wa buledi, tamuchotsa apa. Inenso ndinaseka nawo.

Kandegeko kanabweranso, kenaka kachitatu. Ulendo wachitatuwo Dagoberto anabaya ngodya ya bokosi ndi mpeni, munatuluka ufa woyera. Mawa lake tikutsuka khola la agalu anandiuza kuti, malume, amene aja si makina, ndipo ndawatsatira mpaka kudoko, akuwakweza m'maboti othamanga aja opita kumpoto. Ndinamuyankha kuti mphuno ndi ya galu, iwe chako ndi chingwe, zochita za akuluakulu zili ndi zifukwa zake, mwina ndi msampha wogwirira adani. Iye anangoti, si inu munandiphunzitsa kuti munthu amanama koma galu sanama?

Mwana wanu mumamudziwa, liuma lake ndi la malemu bambo athu. Analemba lipoti la masamba atatu n'kulitumiza ku likulu ku Havana. Pasanathe masiku asanu lipotilo linali pa tebulo la a Quiñones.

Anandiitana. Anandithirira khofi okha ndi manja awo, n'kundipatsa ndudu yabwino ija yogulitsa kunja. Kenaka anandisunthira pepala lotaipa kale. Linkati Canela anadwala matenda a mphuno, ndipo Dagoberto ndi chidakwa, amamvera wailesi ya adani ya ku Miami, amakonda kunyoza akuluakulu. Ndili m'kati mowerenga anafunsa za Yaíma. Ati ndamva akufuna udokotala, mtsikana wanzeru uja, zingakhale zachisoni atapezeka kuti ndi wa banja lokayikitsa.

Ndinasaina, Achemwali. Sanandimenye, sanandikalipire n'komwe. Bola akanandimenya, bwenzi lero ndili ndi chokuuzani.

Dagoberto anamumanga, ndipo mlandu wake sunatenge ngakhale ola. Anati ankafalitsa mabodza othandiza adani, zaka zisanu ndi ziwiri. Umboni waukulu unali pepala langa lija. Canela anamutenga, ati akumusamutsira kwina, koma wosesa m'khola anandinong'oneza kuti anamuwombera kuseri kwa galaja. Patatha masabata awiri msilikali anabweretsa kunyumba wailesi ya kanema yoonetsa mitundu, ati mphatso ya wantchito wokhulupirika. Migdalia ndinamuuza bodza la Angola lomwe lija, ndipo anasoka kansalu kokongola kofunditsa kanemayo.

Zimene zachitika mwezi wathawu nanunso munaziona. Anthu a mumsewu mwathu ankadzaza pabalaza pathu madzulo aliwonse kudzaonera mlandu wa akuluakulu a asilikali aja ozembetsa mankhwala ozunguza bongo. Ndinawamva ndi makutu anga akuvomera za ndege, za mabokosi, za maboti. A Eufemia oyandikana nafe aja ankakuwa kuti, taonani nkhumbazi, zinkadya zokha ife tikupsa ndi dzuwa pa mzere wa sopo! Anthu ankaseka. Ine sindinaseke nawo, ndipo Migdalia anasiya kuyang'ana kanema, ankayang'ana ine.

Anthu atabalalika anandifunsa funso limodzi lokha, kuti Dagoberto ali kuti. Ndinamuuza zonse. Sanalire. Anazula chingwe cha kanema pakhoma n'kunena kuti chinthu ichi chichoke m'nyumba muno, apo ayi ndichoka ndine. Pano chili ku khola la nkhuku.

Ndinaganiza kuti poti choonadi chatuluka, mwana amutulutsa. Boma litawombera akuluakulu olakwa aja, ndinavala yunifolomu yanga n'kupita kukafunsa. Achemwali, a Quiñones sanamangidwe. Ndinawapeza mu ofesi yaikulu kuposa yakale, paphewa pali nyenyezi ina. Anandilandira ngati m'bale wawo. Nditanena chimene ndinadzera anati, Eulogio, olakwa unawaona, ndipo boma lathana nawo. Ife tonse zinthuzi tazidziwa chaka chino. Tsono lipoti la chaka chatha lingachokere kuti? Anatsegula kabati, n'kutulutsa pepala langa lija, n'kuloza pansi pake. Ati dzina ili ndi la yani? Ukanena kuti mnyamata uja ankanena zoona, ndiye kuti wonama pa lumbiro ndiwe.

Lamulungu lapitali ndinapita kukamuona, koyamba chimumangireni. Ndinkaopa nkhope yake. Waonda, mano awiri akutsogolo palibe, manja ake anachita zipsera ndi kuswa miyala. Ndinamupatsa zotsekemera zanu zija. Atangoluma kamodzi anati izi ndi za amayi, n'kutembenukira kukhoma kwa kanthawi.

Anafunsa ngati mukudziwa. Nditamuuza za Angola anaseka mpaka kutsokomola, amvekere, ndiye kwathu ndine ngwazi ya nkhondo, malume mwandikweza udindo! Nditayamba kupepesa anandidula. Anati kupepesa kwanu sungani, ine ndikufuna amayi anga. Muwauze ndi pakamwa panu, pakamwa pakalephera mulembe. Mlonda atapotoloka, Dagoberto anandinong'oneza kuti polemba lipoti lija anaika kaboni, ndipo kope linalo analibisa pansi pa chitini cha maburashi a agalu. Dzulo ndalipeza. Tsiku limene analilembera likuoneka bwinobwino.

Tsono ndikupempheni zinthu ziwiri. Tsiku lina lokaona akaidi ndi Lamulungu pa 17 Sepitembala. Nicanor adzanyamuka kumeneko pa 14, ndipo wakusungirani malo kutsogolo kuti mwendo usavute. Chonde bwerani. Ngati simungafune kugona pansi pa denga langa, a Eufemia avomera kukulandirani.

Lolemba lake m'mawa ndidzakwera sitima kupita ku Havana kwa oimira boma pa milandu, nditanyamula kope lija ndi pepala langa latsopano lonena kuti ndinanama. Mwina adzamutulutsa. Mwina adzangotitsekera tonse awiri, sindikudziwa. Migdalia wati ndipite. Yaíma sindinamuuze, koma ndikapanda kubwerako sukulu adzamuchotsa, ndipo kuno anthu adzayamba kuwoloka msewu akamuona. Zikadzatero mudzamutenge akakhale nanu. Iye sanasaine kanthu. Ndikudziwa kuti sindiyenera kupempha zotere kwa mayi amene ndinamulanda mwana, koma mlongo wina ndilibe.

Alamu anga muwauze nokha, pang'onopang'ono, poganizira mtima wawo uja. Mundiperekere moni kwa azakhali a Leocadia ndi onse a ku tchalitchi amene akhala akupempherera msilikali wa ku Angola. Auzeni asasiye, angosintha malo. Mulungu akusungeni ndipo akupatseni mphamvu za ulendo.

Ndine mlongo wanu, ngati mukundiyesabe wotero,

Eulogio