Mkono wa Pamela Ukudikira Amalume

Johannesburg
9 Meyi 2019

Okondedwa achimwene a Laison,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga mayi, mwendo uja unasiya kutupa? Ife kuno tilipo, kungoti kutopa. Ndalemba papepala chifukwa foni yanu ndi yongolemeretsa thumba, milungu iwiri tsopano simukupezeka. Ndikudziwa muli m'chigafa kusankha fodya. Ndapatsira a Januario a ku Kasiya aja, akubwera pa basi.

Kuno kuzizira kwayamba. Ndimangokhalira kuchapa ndi kusita za eni ake, pobwerera msana uli ngati ndabwereka. Koma si zimene ndalembera.

Nkhani ndi ya mwana wanga Pamela, mbumba yanu. Za mphumu yake mukuzidziwa. Chaka chatha mu Juni chimfine wamba chinamugoneka m'chipatala masiku asanu, akupumira m'makina, nthiti zikuchita kuwerengeka. Sabata yatha anesi anandiuza kuti kuno kuli katemera wa chimfine, wobaya chaka ndi chaka kusanazizire kwenikweni, ndipo ana a chifuwa ngati chake ndiwo amafunikira kwambiri. Sanandibisire: akuti mkono umatha kuwawa, thupi kutentha tsiku limodzi kapena awiri, ndipo chimfinecho chikhoza kumugwirabe, koma kawirikawiri sichifika pomugwetsa ngati muja.

Bambo ake akukana. Akuti mwana akusewera bwinobwino, tikamuputire matenda chifukwa chiyani? Akuti ife tinakula ndi kufukiza masamba a bulugamu, komanso mwana wa mnzawo wa kuntchito atabayidwa anatentha thupi mpaka makolo kusowa mtendere. Sindikuwanyoza, mwanayu amamukonda. Inenso mantha ndili nawo, jakisoni ameneyu kwathu sindinamuonepo. Koma amene anakhala pambali pa bedi masiku asanu aja ndine.

Takangana mpaka mawu kutha. Dzana ndi pamene anatulutsa za kumtima: iwo ndi mkamwini chabe, mwana ndi wa kwathu. Atavomera iwo, choipa n'kuchitika, pa Nambuma akapondapo bwanji? Akuti mwini mbumba anene yekha, iwo atsatira. Ndiye taonani, mwana akutsokomolera ku Joni, chilolezo chili m'chigafa ku Nambuma. Ndinaseka, kenako ndinalira.

Pempho langa ndi limodzi. Kwerani pachulu paja pamene pamagwira netiweki, muwaimbire alamu anu. Ngati mukukayika, yambani mwafunsa a zaumoyo kuchipatala kwathuko. Ine mtima wanga uli poti abayidwe. Mukakana ndimva chifukwa chanu, koma kungokhala chete kokha ayi. Anesi akuti katemerayu amatenga milungu iwiri kuti ayambe kugwira ntchito, ndipo Juni ali pakhomo.

Simunaiwale za Tisiyenji, wopondana ndi ine uja. Atadwala chikuku, mayi anakhala naye pakhonde masiku atatu, kudikira amalume abwere ku Kanengo kumene anakagulitsa fodya, kuti adzalole za kuchipatala. Palibe amene anakana, achimwene, anthu ankangodikira. Amalume anafika ndi shuga ndi nsalu, n'kupeza amuna ali kumanda ndi makasu. Lero amalume ndinu, ndipo mwezi wake ndi womwewu.

Mupereke moni kwa mayi, koma za Tisiyenji musawakumbutse. Moninso kwa alamu a Benedeta, azakhali a ku Mpingu ndi ana onse. Pamela akuti amalume amusungire mtedza wa chaka chino.

Mabelo anu akamakwera galimoto ya ku Kanengo, chonde mukhale mutaimba kale.

Ndine mlongo wanu wotopa,
Violet