Uta wa ku Mtengo wa Amayi

14 Ogasiti

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira miyendo yanu yapepukako ndi mankhwala amene achemwali anakugulirani. Kuno tili bwino, kungoti denga la shedi ya malemu Ababa layambanso kudontha pakona paja.

Amayi, pali nkhani imene ndakhala ndikukubisirani. M'makalata anga onse ndinkati mtengo wanu wa elida, uja wa maluwa oyera ndi tizipatso takuda, ukukula bwino. Ndinkanama. Chaka chatha mphepo inaung'amba pakati, mbali imodzi n'kugwa. Mbali inayo ikanapulumuka, koma ndinaidula ndekha, chifukwa panali nthambi yowongoka, yonenepa ngati mkono wanga, yomwe Ababa ankaisirira masiku onse kuti asemere uta. Mukukumbukira mmene ankaigwiragwira, inu n'kumawauza muli pawindo kuti, "Bambo, mukadula umenewo mukagone ku shedi konko"? Iwo ankangoseka n'kubweza sowo pamsomali.

Ndinaing'amba pawiri, ndinapala mtima wake wofewa ngati thonje uja, ndinamata phula kumapeto kuti isachite ming'alu, n'kuiika pamwamba pa mitanda ya denga la shedi. Yauma chaka chathunthu. Nthawi yonseyo ndinkakulemberani za maluwa.

Mwezi watha ndinatsegula bokosi la zida. Chigwiriro cha kasemasema chikadali ndi podyeka pamene pankakhala chala chawo chachikulu. Ndinasema monga ndinkawaonera ndili mwana, nditakhala pa ndowa yovundikira: kumsana kwa uta kungochotsa khungwa basi, kupala kumimba kokha. Koma ndinafulumira. Nditakoka chingwe, mbali yoyamba ya nthambiyo inathyoka pamfundo. Ndinakhala pansi m'zipalapala ndi kulira kuposa tsiku la maliro.

Akalipentala, anzawo a Ababa aja, anamva kuthyokako ali kwawo, ndipo anabwera ndi ndodo yawo. Anayang'ana zidutswazo nthawi yaitali.

"Wapala kangati usanakoke?" anandifunsa.

"Sindinawerenge."

"Bambo ako ankapala katatu, n'kupita kukamwa madzi. Unkayesa linali ludzu?"

Mbali yachiwiri tinaitenga masabata atatu. Iwo ankakhala pampando wa Ababa, ine ndikupala ndi chidutswa cha botolo. Utawo tinkaukoleka pakhoma, kuukoka pang'ono, iwo n'kuloza ndi ndodo pamene sipakupindika. Anandiuzanso kuti uta woyamba wa Ababa unathyoka inu mukuona, musanakwatirane, ndipo munaseka mpaka kukhala pansi. Bwanji simunandiuzepo zimenezi?

Lamlungu ndinaponya muvi woyamba kuseri kwa nyumba. Unaphonya katoni n'kukaboola beseni lanu lochapira. Limenelonso ndikupepesa. Koma kulira kwa chingwe kuja, Amayi, ndi komwe kuja kwa uta wa Ababa. Ndinapezeka ndatembenukira kuwindo la kukhitchini, kudikira kuti wina andikalipire.

Utawo ndaupaka mafuta, uli pabedi panu. Sindikudziwa ngati ndiutumize kapena mudzauonere konkuno. Pamene panali mtengo pali mbee, dzuwa likumalowa mpaka m'chipinda chanu m'mawa, ndipo sindinalizolowere.

Mundiperekere moni kwa achemwali ndi alamu. Akalipentala akuti musandiweruze musanaukoke. Koma ngati mwakwiya, lembani ndithu, musandinyengerere ngakhale pang'ono. Papita zaka ziwiri nyumba ino isanamve mawu anu, ndipo ngakhale okalipa ndiwalandira ndi manja awiri.

Ndine mwana wanu,
Mzime