Abambo Akana Kuyezedwa Chigonere

Masambanjati,
Thyolo.
14 Julaye 2024

Okondedwa achimwene a Zakeyu,

Ndalemba kalata chifukwa pafoni mumangoti muli pamsonkhano. Kuno chiperoni chatikwana, koma amene mwandikwana zedi ndi inuyo ndi abambo anuwa.

Dokotala watsimikiza zimene munkaopa zija. Mtsempha waukulu wa magazi m'mimba mwawo watupa ngati chubu cha njinga, ndipo ukangophulika basi kwatha. Ndikaika dzanja pamchombo pawo ndimaumva ukugunda.

Munatiuza kuti ntchito yanu ku Cape Town ndi yomweyi, yokonza kapaipi ka nsalu ndi waya kamene madokotala amalowetsa kudzera m'mphechepeche, kakatseguke m'kati mwa chotupacho kuti magazi azidutsa m'menemo. Munati kapaipiko kamayenera kukwana ndendende, ndiye abambo akajambulidwe kaye pamakina mupeze miyezo. Ndinamvera, ndinawakweza minibasi mpaka ku Blantyre.

Kuchipatalako nesi anawauza kuti avule jekete, agone chagada, asagwedezeke, ndipo akauzidwa asiye kaye kupuma. Abambo anafunsa kuti zonsezi n'zachiyani. Ine ndi pakamwa pangapa ndinati, "Akufuna akuyezeni, a Zakeyu akupangireni chokukwanani."

Anadzuka n'kuvala jekete lawo. "Mervis, woyezedwa chigonere ndi mtembo. Ine ndakalambira ku ntchito ya adzukulu, bango loyezera manda ndimadula ndine. Mwana wanga akufuna muyezo wanga ndikadapuma?"

Ndinawachonderera mpaka pasiteji, anthu akutiyang'ana, koma ayi ndithu. A Blackson a kutchalitchi ayesa, alephera. Mavidiyo anu ofotokoza aja amangowatembenuzira nkhongo.

Achimwene, abambo a eni ake mukuwapulumutsa kumeneko, anu akuswera chiweramire m'munda kudulira tiyi, pomwe dokotala anawaletsa ngakhale kunyamula ndowa. Akangochedwa pang'ono kubwerera, ine ndimathamangira kumundako kukawafuna. Ndikuopa, ndipo ndatopa kuopa ndekha.

Amayi akupereka moni, akuti muzivala zofunda. Abambo nawo ndawafunsa choti ndikulembereni. Akuti adzagona m'makinamo inuyo mukayamba kugonamo, iwo akuona ndi maso awo kuti mwadzuka. Sanaseke ponena zimenezi.

Ndiye musatumizenso vidiyo. Bwerani mudzagone.

Ndine mlongo wanu,
Mervis