Foni ya Abusa Ili M'dengu la Mtedza

Amake Lucia,

Pepani, mubwera kuchokera kudimba osandipeza. Ndathamangira kumaliro ku Nsaru, njinga ndatenga. Mukamva dengu la mtedza likulira musathawe, si zamatsenga ayi, ndi foni ya abusa.

Amayi abusa abwera nayo m'mawa uno kuti tiibise kuno, maso ali ofiira. Akuti sabata yonseyi abusa angokhalira maliro, moti dzulo anagona pampando nsapato zili kuphazi, chakudya osachikhudza. Uthenga wa ku Nsaru utafika, mayiwo sanawadzutse. Ndiye akulu ampingo tagwirizana kuti mwambowu tikayendetse tokha. Wolalikira ndine, ineyo amene ndimanjenjemera ndi zolengeza zomwe! Mundipempherere.

Foniyo ikalira, muyankhe inuyo. Muzingoti abusa akupuma, nkhani iliyonse ipite kwa a Benson, mlembi wa mpingo.

Abusawo ndikuwadziwa, akadzuka abwera kudzaifuna foniyo. Musafulumire kuwapatsa. Muwakhazike pamthunzi, muwakazingire mtedzawo. Zaka zonsezi iwo ndiwo amatifunsa kuti tili bwanji. Lero muwafunseko inuyo, ndipo akati “ndili bwino”, musanyamuke. Mudikire yankho lachiwiri, lenilenilo.

Ndine wanu,
Bambo a Lucia